Tilu kapena pulogalamu ya pa foni? Nawa maganizo athu kwa eni tizisitolo ta m'mapulazi

Funso ili labwera kangapo kuchokera kwa abale a ku Banket, Raffingora, Mvurwi ndi Karoi: tigule makina a tilu kapena tiike pulogalamu yogulitsira pa foni? Ife tati tiyankhe poyera.

Yankho lathu ndi pulogalamu. Chifukwa chake si chitukuko ayi, koma ulendo. Tikanyamuka kukaoda ku Musina kudzera pa Beitbridge, kapena ku Lusaka kudzera pa Chirundu, timatha masiku anayi kapena asanu tisanabwerere. Pa kauntala timasiya mlamu kapena mphwathu. Tilu wamba amawerenga ndalama zomwe zalowa mudilowa basi. Sakuuzani kuti mabotolo a mafuta ophikira anali angati pa shelefu, ndipo atsala angati. Ife tinakhalapo ndi tilu chaka chathunthu. Ndalama za tsiku zinkagwirizana ndi lisiti, koma mpamba unkachepa mwezi ndi mwezi. Sopo ndi shuga zinkatuluka osadutsa pa makina, ndipo makinawo analibe chonena.

Pulogalamu ngati Loyverse ndi yaulere pa zofunika zoyambira, imayenda pa foni ya Android, ndipo imagulitsabe netiweki ikasowa. Netiweki ikabwera, malonda onse amaoneka, ngakhale muli pa mzere pa boda. Mukadziwa zomwe zikutha, mumaoda zoyenera m'malo mongolota.

Chachiwiri ndi ndalama zathu za kuno. Pa tsiku limodzi timalandira madola a ku America, ZiG, EcoCash, nthawi zina ma rand. ZiG inayamba mu Epulo 2024, ndipo pa 27 Seputembala chaka chomwecho inatsika kuchoka pa 14 kufika pa 24 pa dola imodzi. Amene anasunga mitengo mu ZiG analira. Sungani mitengo m'madola, ndipo mu pulogalamu mulekanitse njira zolipirira, kuti madzulo mudziwe za m'manja ndi zingati, za pa foni ndi zingati.

Koma tisanamizane, pulogalamu si mankhwala.

Magetsi a ZESA m'mapulazi mukuwadziwa. Popanda kasola kapena power bank, foni ikazima sitolo yabwerera ku cholembera. Komanso foni ya sitolo ikhale ya sitolo, osati yomwe ana akuonerapo mavidiyo.

Katundu aliyense mulowetse tsiku lomwe wafika, ndi mtengo weniweni: woodera, wa basi, wa msonkho wa pa boda. Mukachita ulesi apa, pulogalamu idzakunamizani mwaulemu. Loweruka lililonse werengani shelefu ndi manja, mufananize.

Kope la ngongole musalitaye. Makasitomala athu ambiri ndi antchito a pa pulazi olandira pakutha pa mwezi, ndi alimi a fodya odikira misika itsegulidwe cha m'Malichi. Amene watenga ufa pa ngongole asayine m'kope. Chimodzimodzi chenji chomwe mwamusungira munthu chifukwa makobidi a dola kulibe. Mkangano ukabuka, siginecha yake imamveka kuposa foni yanu.

Tilu ali ndi malo ake. Ngati pa kauntala pamakhala amayi athu achikulire osazolowera foni, ndipo mwini sachoka pakhomo, tilu ndi kope zikukwanira. Ndipo ngati geni yakula mpaka mwalembetsa VAT, nkhani yasintha: ZIMRA imafuna makina otumiza malonda anu kwa iwo, choncho funsani ku ofesi yawo musanagule chilichonse.

Kwa ife oyendayenda, ndalama ya tilu ndi bwino kugulira kasola, foni yotsika mtengo ndi dilowa la loko. Yesani mwezi umodzi, kope lili pambali.

Inu amene mwayesapo, zakuyenderani bwanji? Tiuzeni kuti ena aphunzirepo. Muyende bwino pa msewu.