Za Pepala Lofunsira Nchito Kunja

Abale athu a ku Chambe, mwezi uno tifuna kunena za pepala lija anyamata alitcha CV, ndilo mbiri ya munthu imene alemba pofunsira nchito.

Makolo athu popita ku Joni sanalembe pepala lotere. Wenela inkafuna chifuwa ndi mikono: dotolo ankayeza munthu, munthuyo nadinda chala, nanyamuka. Njirayo inatsekeka m'chaka cha 1974, pamene ndege inagwa ku Francistown nipha Amalawi oposa 70. Inatsegukanso mu 1977 m'dzina la TEBA, nitheratu mu 1988. Lero amene afuna nchito kunja afunsidwa pepala asanaonedwe nkhope.

Taganizani: pano pamudzi amfumu akudziwani, abambo mfumu a parishi akudziwaninso, ndipo akhoza kukuchitirani umboni. Kutaliko palibe wodziwa mtundu wanu. Pepalalo ndilo mboni yanu yokhayo, ndipo mboni iyenera kunena zoona.

Chotero lembani dzina lanu monga liri pa pasipoti ndi pa satifiketi, osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Tchulani sukulu ndi chaka chimene munalemba mayeso a MSCE. Ngati munaphunzira umisiri pansi pa TEVETA, nenani umisiri wake. Pambuyo pake ikani nchito zimene munagwira, kuyambira yatsopano kubwerera m'mbuyo, iliyonse ndi zaka zake. Musachite manyazi ndi nchito ya manja. Amene anathyola tiyi zaka zitatu, kapena ananyamula katundu wa alendo okwera phiri kuchokera ku Likhubula, waonetsa kuti adziwa kulawira ndi kusunga za eni ake, alembe zimenezo. Potsiriza tchulani anthu awiri okudziwani pa nchito, mutayamba mwawapempha. Masamba awiri akwanira.

Koma alipo ena amene amadzilemba dalaivala asanagwirepo chiwongolero, kapena kugula satifiketi yabodza. Kumeneko ndi kulakwira lamulo lachisanu ndi chitatu la Mulungu, ndiponso nkupanda nzeru. Ku South Africa kuli bungwe la SAQA, limene liyesa masatifiketi ochokera kunja ndi kufunsa kumene anaperekedwa. Bodza likaululika, munthu ataya nchito ali kutali ndi kwao, ndipo Mmalawi wina wobwera pambuyo pake sakhulupiridwanso.

Inu makolo, choonadi chimene tifuna kwa mwana tichifunenso kwa womuitanayo. Funsani dzina la wolemba nchito, malo ake ndi malipiro, zonse zikhale zolembedwa. Mukafunsenso ku ofesi ya boma yoona za nchito ku Mulanje musanagulitse mbuzi kapena munda. Chidindo cha mlendo pa pasipoti si chilolezo chogwirira nchito. Kumbukirani atsikana athu amene analonjezedwa nchito zabwino ku Oman, nalandidwa mapasipoti, nasanduka akapolo m'nyumba za eni. Potero mwana atumize mafotokope okha, mapepala enieni asunge, ndipo mafotokope ena atsale pakhomo.

Tsiku lonyamuka likayandikira, apite kwa abambo mfumu akatenge kalata ya ubatizo, kuti kumene afikako Eklezia amlandire ngati mwana wa pakhomo. Ngati ali wapabanja, asachoke asanapangane ndi mkazi wake za chakudya cha ana ndi za nthawi yobwerera. Ife otsala tidzamtchula pa mapemphero a madzulo kufikira atabwera.