Kambuzi Alibe Mlandu

Aphunzitsi athu ndi ophunzira anzanga, ndiloleni ndinenepo mawu pang'ono pa lamulo latsopano loletsa tsabola m'chipinda chodyera. Tonse tidziwa chimene chinabala lamuloli. Anyamata awiri a Fomu 2 anapikisana kutafuna kambuzi wamuwisi, ndipo mmodzi anatuluka misozi ili chuchuchu, namwa makapu atatu a madzi koma osapeza bwino. Ine nditi wolakwa ndi mpikisanowo, osati tsabola.

Kambuzi ndi tsabola wamng'ono, wa maonekedwe a lalanje lakupsa, amene alimidwa kwambiri m'chigawo chapakati. Kwathu ku Dowa amayi amangoponya mmodzi mumphika wa nyemba osamudula, ndipo fungo lake limafika pabwalo. Apa ndipo asiyana ndi piripiri wofiira uja. Piripiri amafulumira kuluma lilime, koma kambuzi amayamba wanunkhira, kuwawa kumadza pambuyo.

Kwawo kwa tsabola ndi ku America, ndipo anafika naye kuno ku Africa ndi Apwitikizi m'zaka za m'ma 1500. Chimene chimawawa mwa iye ndi mankhwala otchedwa capsaicin, amene achuluka m'kati moyera muja mokhala njere. Mankhwalawa sasungunuka m'madzi, n'chifukwa chake mnzathu uja anangodzaza mimba pachabe. Akadamwa mkaka, moto ukadazima msanga. Wodziwa zimenezi saopa kambuzi, ndiponso sasewera naye.

Tsono taganizani za ndiwo zathu. Lolemba nyemba, Lachiwiri nyemba, ndipo nthawi zina zofumbwa. Ambiri a ife nsima inkatsika chifukwa cha kabotolo ka kambuzi wa m'mafuta kamene makolo anatilongedzera. Chiyambire lamuloli ndaona nsima yambiri ikutayidwa, ndipo mwana wa njala samva masamu masana. Kodi n'koyenera kuti sukulu yonse ilangidwe chifukwa cha anthu awiri?

Pempho langa kwa a mphunzitsi wamkulu ndi ili: lamulo liletse mpikisano wokha. Mutipatse mizere iwiri m'dimba la sukulu kuti tidzalemo kambuzi, pakuti akulu anati tsabola wakale sawawa. Ophika athire mumphika umodzi, wina ukhale wopanda, ndipo yense asankhe yekha.

Kwa anyamata anzanga nditi, kutafuna tsabola si chamuna ayi. Mmodzi akwanira mbale yonse.

Wophunzira wa Fomu 3