Makolo Si Alendo pa Sukulu Ino



Pali funso lomwe ife aphunzitsi sitikonda kudzifunsa: kodi kholo timaliitana liti kusukulu? Kunena zoona, timaliitana fizi ikachedwa kapena mwana akapalamula. N'chifukwa chake mayi wa ku Chibavi akalandira kalata ya a hedi, mtima umagunda asanaitsegule n'komwe, ndipo amabwera ngati waitanidwa kubwalo la milandu. Ubale wotere sitingautche mgwirizano.

Ife Asilamu nkhaniyi tiyenera kuimvetsa kuposa wina aliyense. M'nthawi ya atsamunda sukulu zambiri zinali m'manja mwa amishoni. Agogo athu ku Mangochi, Machinga ndi Nkhotakota ankaopa kuti mwana akapita kumeneko abwerako ndi dzina lina komanso chipembedzo china, choncho ambiri anangomusiya kumadrasa. Chomwe ankakana chinali sukulu yosamva mawu a kholo, koma mapeto ake tinatsalira m'mbuyo pa maphunziro kwa zaka zambiri. Posachedwapa, mu 2019, mkangano wa hijab unatseketsa sukulu ku M'manga m'boma la Balaka. Zinthu zinakhazikika mu 2021, atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu atasainirana mgwirizano kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, wolola atsikana kuvala hijab yogwirizana ndi mtundu wa yunifolomu. Pa nthawi yonse ya mkanganowo, amene anataya maphunziro anali ana.

Lero, Alhamdulillah, tili ndi sukulu yathuyathu kuno ku Mzuzu. Koma tisadzinamize, sukulu ya Asilamu nayonso ikhoza kugontha makutu. Taonani misonkhano yathu ya makolo ndi aphunzitsi. Timaiika m'mawa pakati pa sabata, nthawi yomwe mayi wogulitsa usipa mumsika ndi bambo wopalasa njinga ya sakaramento akusaka ya ufa. Malipoti timawerenga m'Chingerezi. Oyankhula amakhala omwewo, ophunzira bwino ndi olipira fizi pa nthawi yake. Amayi amakhala kumbuyo ali chete, chonsecho ndi iwo amene amadziwa ngati mwana wadya, wagona nthawi yanji, ndiponso akuyenda ndi ndani. Agogo olera ana amasiye sabwera n'komwe. Makolo a zipembedzo zina, omwe anatikhulupirira potipatsa ana awo, sadziwa ngati ali ndi mpando.

Chipembedzo chathu sichinatiphunzitse zimenezi. Sura ya 42 ya Qur'an yolemekezeka dzina lake ndi Ash-Shura, kutanthauza kukambirana. Mtumiki Muhammad (SAW) anatenga maganizo a Salman Al-Farisi okumba ngalande poteteza mzinda wa Madina, ndipo pa Hudaibiya anatsatira malangizo a mkazi wake Ummu Salama (RA). Ngati Mtumiki wa Allah ankafunsira nzeru, ndife yani ife kuti tizingouza makolo zomwe tagamula kale?

Ena adzati kholo lomwe silinafike Fomu 4 linganene chiyani za MSCE. N'zoona, silingatiphunzitse masamu. Koma ife mwana timamuona maola ochepa m'kalasi la anthu ambiri, pomwe kholo lamudziwa kuyambira ali kumsana. Aliyense wa ife ali ndi theka la nkhani ya mwanayo.

Choncho tikupempha akuluakulu a sukulu ndi komiti ya mzikiti zinthu zisanu. Choyamba, misonkhano izichitika Loweruka kapena Lamulungu ikatha swala ya Dhuhr, ndipo kholo liziloledwa kuyankhula m'Chitumbuka, Chitonga, Chiyao kapena Chichewa. Chachiwiri, amayi akhale ndi mipando yawo m'komiti, ndipo mpando umodzi ukhale wa kholo lomwe si Msilamu. Chachitatu, ndalama zonse zomwe makolo amasonkha zizilembedwa poyera teremu iliyonse, zolowa ndi zotuluka, pakuti ndi amana. Chachinayi, nkhani ya fizi tizikambirana ndi kholo mu ofesi, osatchula dzina la mwana pa asembule. Chachisanu, mphunzitsi aliyense wa kalasi aziimbira kholo kamodzi pa teremu kuliuza chabwino chomwe mwana wachita.

Nanunso makolo, mgwirizano uli ndi mbali ziwiri. Kulipira fizi si kumaliza udindo. Ngakhale simudziwa kuwerenga, muuzeni mwana akuonetseni kope, mufunseni zomwe waphunzira, ndipo mpatseni ola limodzi lowerenga ikatha Isha. Mtsikana asamalemedwe ndi ntchito zapakhomo mchimwene wake ali pa buku. Mukamva dandaulo, bwerani mudzatifunse musanalitumize pa gulu la WhatsApp. Ndipo inu ophunzira, kalata ya kusukulu muzikaipereka kunyumba, osaisiya kuti iwolere m'chikwama.

Mutu umodzi susenza denga. Pa msonkhano ukubwerawu, Insha Allah, tikufuna tiyambe ndi kumva inu makolo, malipoti athu abwere pambuyo. Allah atipatse mtima womverana, ndipo awadalitse ana athu ndi maphunziro opindulitsa. Ameen.