Mutu, Thukuta ndi Mtima Wogunda: Si Mizimu Nthawi Zonse

Abale a ku Chiparamba, pali cizolowezi cimene citithera anthu. Mnyamata kapena mtsikana akagwidwa mwadzidzidzi ndi mutu waukali, thukuta lili kamukamu, mtima ukugunda ngati ng'oma, kenaka zonse n'kuleka patapita mphindi zocepa, ife tithamangira kunena kuti ndi mizimu kapena wam'lodza. Mbuzi ipita kwa ng'anga, wodwala atsala cimodzimodzi.

Pamwamba pa impso iriyonse pali kaciwalo kochedwa adrenal, kolemera pafupi-fupi magalamu 5. Nchito yace ndi kutulutsa timadzi tolamulira kuthamanga kwa magazi, mcere ndi shuga m'thupi. Pakamera cotupa, nthawi zina timadzito ticuruka, ndipo munthu angathe kugwidwa monga tanenamo. Ena nkhope ikhala yobulungira, mimba ikula pamene miyendo iwonda, pamimba n'kuoneka mizere yofiirira. Amai ena amera ndevu nasiya kupita kumwezi. Tonse tidziwa mmene mudzi uwanenera amai otere, ndipo n'zamanyazi.

Matendawa sapezeka kawiri-kawiri, ndipo zambiri mwa zotupazi si khansa. Koma magazi akathamanga zaka zambiri aononga mtima ndi impso, mwinanso kupha ziwalo.

Kupima BP pa kiliniki ya Chiparamba sikutenga nthawi. Fotokozerani anamwino zonse, pakuti nthawi imene matenda aleka, BP itha kuoneka bwino. Ngati ipitirira 140/90 mwa wacicepere, kapena ikana kutsika atamwa mankhwala a mitundu 3, pemphani kalata yopita ku Chipata Central Hospital. Cotupa cikapezeka, madokotala a ku UTH ku Lusaka angathe kucicotsa, ndipo ambiri BP yao itsika.