Safunsa anadya phula: usiku umene akuti Hawkins anagonja

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Munthu wongomeza chilichonse chimene wapatsidwa amatafuna phula akuyesa uchi. Nkhani ikakoma kwambiri, m'pamene tiyenera kufunsa kuti anaiona ndani, liti, ndiponso kuti.

Okonda nyimbo za jazi ali ndi nkhani imene sailekeza. Akuti usiku wina mumzinda wa Kansas City ku America, pamalo achisangalalo otchedwa Cherry Blossom mumsewu wa Vine, katswiri wa sakisofoni Coleman Hawkins anakumana ndi anyamata a mumzindawo: Lester Young, Ben Webster ndi Herschel Evans. Nthawi imeneyo Hawkins ankaimba m'bandi ya Fletcher Henderson ndipo panalibe womuposa. Akuti anaimba mosinthanasinthana mpaka kunja kunayera, ndipo Young ndiye anapambana.

Amene anaitchukitsa nkhaniyi ndi mayi woimba piyano, Mary Lou Williams, m'nyuzipepala ya ku Britain ya Melody Maker mu 1954. Iye anati Webster anadzamudzutsa mbandakucha chifukwa oimba piyano onse anali atatopa, ndipo atafika anapeza Hawkins atavula malaya akulimbanabe ndi anyamatawo. Anatinso Hawkins anachedwa mpaka anawononga galimoto yake ya Cadillac pothamangira anzake ku St. Louis. Mu 1996 Robert Altman anaika mpikisano wofanana nawo mufilimu yake ya Kansas City, nkhaniyo n'kukhazikika m'mitima ya anthu ngati kuti anaiona okha.

Komatu mfumu yanzeru sigamula mlandu itangomva mboni imodzi. Ofufuza mbiri anafunafuna mboni zina. Count Basie, yemwe ankaimba pa Cherry Blossom pomwepo, anafotokoza m'buku la moyo wake la 1985 kuti Hawkins anabweradi n'kuimba nawo, koma iye sanaone kuti unali mpikisano woti anthu n'kumasimba. Lester Young mwiniwake, akamakumbukira za kubwera kwa bandi ya Henderson, ankasimba zina: ankati Hawkins sanafike pantchito, ndiye iyeyo anakhala pampando wake n'kuimba m'malo mwake. Mwini kupambana sankatchula n'komwe za kupambanako.

Kenako ofufuzawo anasiya za pakamwa n'kuyang'ana zolembedwa. Williams ankati zinachitika kumayambiriro kwa 1934, koma zolembedwa za maulendo a bandi ya Henderson zimasonyeza kuti inali ku Kansas City mu Disembala 1933. Mu Malichi 1934 Hawkins anapita ku England kukaimba ndi Jack Hylton, ndipo amene Henderson anamuitana kudzalowa m'malo mwake anali Young. Apa tikuona kuti mnyamatayu anasiyadi mbiri m'makutu mwa anthu. Koma palibe amene anajambula nyimbo za usiku umenewo, ndipo Young sanajambulitse mbale mpaka 1936. Choncho kukumana kunalipo, mboni ziwiri, Williams ndi Basie, zikuvomerezana. Za kugonja kwa Hawkins zaimira makamaka pa mawu a Williams, olankhulidwa patapita zaka 20.

Sindikunena kuti Mary Lou Williams ananama. Anali katswiri, analipo mumzindamo, ndipo ankawakonda anyamata akwawo. Mtima wa munthu umasunga kutentha kwa usikuwo, koma masiku ndi ndondomeko zimasokonekera. Ena amati kufufuza kotere kumasukulutsa nkhani. Ine ndikukana. Ulemu weniweni kwa oimbawa ndi kuwapatsa zimene anachitadi, osati kumuveka wina chisoti ndi kumuvula wina popanda umboni.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekhako kumabala zipatso. Kwa zaka zambiri okonda jazi ankadandaula kuti Thelonious Monk ndi John Coltrane, amene anaimbira limodzi mu 1957, anasiya zojambulidwa zochepa. Mu 2005 Larry Appelbaum wa ku Library of Congress anapeza matepi a wailesi ya Voice of America a konsati yawo ya ku Carnegie Hall ya pa 29 Novembala 1957. Chaka chomwecho kampani ya Blue Note inawatulutsa, dziko lonse n'kudzimvera lokha. Anawapeza ndi munthu wotsegula mabokosi ndi kuwerenga zolembedwa pamwamba pake, osati wofalitsa mphekesera.

Lero mphekesera imayenda pa WhatsApp ndi Facebook mofulumira kuposa kale, ndipo chithunzi kapena mawu a munthu akhoza kupangidwa pakompyuta. Mukalandira nkhani yoti wakutiwakuti anaimba ndi wakutiwakuti, funsani tsiku, malo ndi mboni yachiwiri musanaitumize kwa ena. Ndipo ngati kwanuko kuli gogo amene ankaimba m'bandi zakale, pitani mukamufunse adakali moyo, mulembe zimene anene, kenako mukafunsenso mnzake amene ankaimba naye.