Mwana wothiridwa magazi kawirikawiri ayezedwe sickle cell

Dzinja likafika, mawodi a ana m'zipatala za kummwera kwa boma la Mzimba amadzaza. Malungo amakhala atavuta, ana amafika atayera m'manja ndi m'zikope, ndipo chithandizo chake n'chodziwika kale: mankhwala a malungo, ndipo magazi akachepetsetsa, mwana amathiridwa magazi. Ambiri amachira n'kubwerera kumudzi.

Koma pali mwana wina amene sachedwa kubweranso. Adathiridwa magazi mu Januwale, mu Epulo wagonekedwanso, pofika Ogasiti ali pabedi lomwe lija akulira ndi ululu wa m'mafupa. Buku lake la kuchipatala latha masamba asanakwanitse zaka 4. Mwana wotereyu akufunika munthu woti aime kaye, awerenge bukulo kuyambira tsamba loyamba, n'kufunsa chomwe chikumaliza magazi ake. Mwa ana otere, ena amakhala ndi matenda a sickle cell.

Matendawa ndi akumtundu. Maselo ofiira a magazi, omwe amanyamula mpweya wabwino m'thupi, amayenera kukhala obulungira ndi ofewa, ndipo amakhala masiku pafupifupi 120. Kwa wodwala sickle cell, maselowa amapindika ngati zenga, amauma, ndipo amafa pakangotha masiku 10 mpaka 20. N'chifukwa chake magazi sachedwa kuchepa ndipo maso amachita chikasu. Maselo opindikawo amatsekanso timitsempha ting'onoting'ono, ndipo apa m'pamene pamachokera ululu uja. Kwa khanda, chizindikiro choyamba nthawi zambiri chimakhala kutupa kwa manja ndi mapazi likamakwanitsa miyezi 6. Kapamba naye amaonongeka msanga, motero chibayo kapena malungo omwe mwana wina akadapirira amatha kumutenga mwanayu m'masiku ochepa.

Matendawa si achilendo monga ambiri amaganizira. Kafukufuku wa padziko lonse yemwe adasindikizidwa mu 2023 adapeza kuti mu 2021 mokha ana pafupifupi 515,000 adabadwa nawo, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 aliwonse adabadwira mu Africa muno kummwera kwa chipululu cha Sahara. Amaoneka osowa chifukwa sayezedwa, ndipo mwana akamwalira, pamaliro amangoti adali malungo.

Kwa banja la ku Champhira, ulendo wofuna yankho ndi wautali. Umayambira pachipatala chaching'ono monga cha Jenda kapena ku Katete, n'kupita ku Embangweni kapena kuchipatala cha boma pa Mzimba, ndipo zikakanika kumeneko, n'kulowera ku Mzuzu Central kapena ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mzimba ndi boma lalikulu kuposa onse m'dziko muno, ndipo sitepe iliyonse ya ulendowu imadya ndalama ya minibasi, ya chakudya cha wodikirira odwala, ndi masiku olima. Mlimi amene wagulitsa kale thumba la chimanga kawiri sangadzudzulidwe akatopa n'kupatukira kwa sing'anga.

Kumeneko nkhani imafika poipa. Mwana wodwaladwala popanda dzina la nthenda yake amabweretsa kulozana zala pamudzi. Agogo amene sadalakwe kanthu amatchedwa mfiti, ngakhale lamulo la dziko lino la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti. Kudera lomwe mkazi amalowoledwa n'kukakhala kwa mwamuna, mlandu umagweranso mayi, ati wabweretsa magazi oipa pabanja. Izi n'zabodza. Kuti mwana abadwe ndi sickle cell, bambo ndi mayi onse awiri amakhala atamupatsira mbewu ya matendawa, ngakhale iwo eni ali athanzi ndipo sadadwalepo. Makolo otere, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa 4 woti mwana abadwe ndi matendawa. Mawu awa okha, atanenedwa m'Chitumbuka chomveka bwino pamaso pa bambo, mayi ndi apongozi, angathe kupulumutsa banja.

Chopweteka n'choti kuyeza sikulinso kovuta. Kale pankafunika makina a mu labotale yaikulu. Lero kuli tizipangizo tofanana ndi toyezera malungo, tongofuna kadontho ka magazi a pachala, ndipo yankho limatuluka m'mphindi zochepa. Timasiyanitsa mwana wodwala ndi amene wangotenga mbewu chabe, zomwe njira yakale yoyang'ana magazi pa maikulosikopu siinkatha. Ngati namwino wa pachipatala chaching'ono amayeza malungo ndi HIV tsiku ndi tsiku, palibe chomuletsa kuyeza sickle cell atapatsidwa zipangizo ndi maphunziro a masiku ochepa. Malo ake alipo kale, kusikelo ya ana, komwe mayi aliyense amafika ndi khanda kudzabayitsa katemera.

Nacho chithandizo si cha ndalama zoopsa. Mwana akadziwika msanga amamwa penicillin tsiku ndi tsiku, amalandira katemera yense, amagona m'masikito ndi kutetezedwa ku malungo, amamwa madzi ambiri ndi kufunditsidwa bwino, makamaka m'miyezi ya Juni ndi Julaye pomwe kuzizira kwa ku Mzimba kumadzutsa ululu. Makolo amaphunzitsidwa kuti thupi likangotentha athamangire kuchipatala usiku womwewo. Pamwamba pa izi pali mankhwala a hydroxyurea. Kafukufuku wotchedwa REACH, yemwe adachitika pa ana oposa 600 ku Angola, Democratic Republic of Congo, Kenya ndi Uganda, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 2019, adaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa ululu, malungo, kuthiridwa magazi ngakhalenso imfa. Ku United States adavomereza mu 2023 njira yokonza maselo a wodwalayo yotchedwa Casgevy, yomwe mtengo wake ndi madola oposa 2 miliyoni munthu mmodzi. Zimenezo n'zakutali. Cha pafupi ndi kapisozi wa hydroxyurea, amene akungofunika kuti azipezeka pashelefu ya pa Mzimba mwezi uliwonse osadukiza.

Pali phindu linanso. Magazi omwe bungwe la Malawi Blood Transfusion Service limatolera, ambiri mwa iwo kuchokera kwa ana asukulu, sakwanira, makamaka nthawi ya tchuthi ndi m'dzinja. Mwana aliyense wa sickle cell amene wasiya kuthiridwa magazi katatu pachaka wasiyira magaziwo mayi wotaya magazi pobereka kapena wovulala pangozi ya pamsewu wa M1.

Diso lomwelo lofunsa chifukwa lingagwirenso matenda ena a magazi osowa kwambiri. Mnyamata amene magazi sasiya kutuluka akazulidwa dzino kapena akadulidwa, ndipo mawondo amatupa popanda kugwa, angakhale ndi haemophilia. Mwana wotuwa, wotupa zanjenje, wotuluka magazi m'nkhama ndipo mankhwala a malungo sakumuthandiza, angakhale ndi khansa ya m'magazi. Awa sangathandizidwe pachipatala chaching'ono, koma m'pomwe ayenera kuzindikiridwa ndi kutumizidwa msanga, kalata ili m'manja.

Njira yake Malawi sachita kukabwereka kutali. Ku Neno, boma pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adaonetsa kuti madokotala aang'ono ndi anamwino ophunzitsidwa bwino angathe kusamala odwala sickle cell, shuga ya ana ndi matenda a mtima pachipatala cha m'boma. Ndondomeko imeneyi, yotchedwa PEN-Plus, nduna za zaumoyo za mu Africa zidaivomereza mu 2022 pamsonkhano wa World Health Organization ku Lomé m'dziko la Togo.

Unduna wa zaumoyo, ofesi ya zaumoyo ya Mzimba South, khonsolo ya M'mbelwa ndi zipatala za mishoni akhale pansi agwirizane mfundo imodzi yoyambira: mwana aliyense amene wathiridwa magazi kachiwiri asatuluke m'chipatala asanayezedwe sickle cell, ndipo zotsatira zilembedwe patsamba loyamba la buku lake. Akapezeka nawo, abale ake a bere limodzi aitanidwe nawonso adzayezedwe, ndipo dzina lake liperekedwe kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwake kuti azimuyendera.