Ndewu ya pagemu imathera ku mapazi

Munthu woonera mpikisano wa Tekken koyamba amakhumudwa m'masekondi oyamba. Amayembekezera nkhonya ndi mateche, koma amangoona omenyana awiri akunjenjemera pakanema: wina kubwerera m'mbuyo, wina kusendera pang'ono, wina kupatukira kumbali, popanda wokhudza mnzake. Kenaka m'modzi amaponya mwendo, mwendowo n'kugwira mphepo, ndipo asanaubweze amapezeka ali m'malere, gawo lalikulu la moyo wake litapita. Woonera wachilendo amati zangochitika mwamwayi. Wosewera wozama amadziwa kuti nkhani idatha kale pa kanthawi kaja kankaoneka ngati palibe chikuchitika.

Kayendedwe kameneka ndiko mtima wa magemu a ndewu, ndipo makampani amene amakafooketsa pofuna kukopa osewera atsopano amalakwitsa. Chofunika kufewetsa ndi ntchito ya zala. Mpata wosankha poima ndi pothawira suyenera kuchepetsedwa.

Kuti mfundoyi imveke, pafunika kudziwa momwe nthawi imawerengedwera. Magemu amenewa amaonetsa zithunzi 60 pa sekondi imodzi, ndipo chithunzi chilichonse chimatchedwa fulemu. Mu Tekken, nkhonya yachangu ya omenya ambiri imafika pa mdani pakatha mafulemu 10, kutanthauza gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a sekondi. Palibe diso loti lione nkhonya yotero ikubwera, ubongo n'kuganiza, chala n'kuyankha pa nthawi yake. Choncho wosewera sadalira kuona. Amadalira kuima pamalo pomwe nkhonyayo siingafike, koma pomwe yake ingafike mdani akangolakwitsa. Chida chilichonse chikaphonya chimatenga kanthawi kuti chibwerere, ndipo m'kanthawi kameneko mwini wake sangatchinge. Apa ndiye pagona phindu la mapazi: kum'chititsa mnzako kuponya m'mphepo, n'kumulanga asanabweze mkono.

Luso lodziwika kwambiri pa ntchitoyi ndi Korean backdash, lomwe lidatenga dzina kwa osewera a ku South Korea amene adalitchukitsa. Wosewera akadina kawiri chakumbuyo, womenya wake amalumphira m'mbuyo, koma gemu imafuna kuti kulumphako kuthe asanayambe kwina. Osewera adapeza kuti akadina chapansi ndi chakumbuyo nthawi imodzi, ngati akufuna kunjuta, mchira wa kulumpha kuja umadulidwa, ndipo kulumpha kwina kumayamba pomwepo. Akabwereza mwachangu, womenya amatsetsereka chafutambuyo mwaliwiro kuposa mmene kungodina chakumbuyo kungamuthandizire. A banja la Mishima, monga Kazuya ndi Heihachi, ali ndi luso lotsutsana nalo lotchedwa wavedash, lomwe limawapititsa kutsogolo atawerama, mobwerezabwereza. Kuchokera m'kuwerama kumeneko Kazuya angathe kusesa miyendo, kumenya pakati pa thupi, kapena kutulutsa Electric Wind God Fist, nkhonya imene imafuna kuti batani ndi mbali yotsiriza zidinidwe pa fulemu imodzimodzi. Mdani amayenera kusankha momwe atchingire asadaone chomwe chikubwera.

Mbiri ya Super Smash Bros. Melee, gemu ya Nintendo ya chaka cha 2001, ikuonetsa bwino chimene chimatayika luso lotere likachotsedwa. Mu Melee muli njira yozembera chida uli m'malere, ndipo wosewera amasankha mbali yozembera. Akangoyamba kulumpha n'kuzembera chopendekera pansi, womenya amagwera pansi nthawi yomweyo, koma liwiro lija silitha: limasanduka kutsetsereka. Nawonso amalitcha wavedash. Kutalika kwa kutsetserekako kumadalira kuterera kwa womenya aliyense, n'chifukwa chake Luigi amapita kutali kuposa anzake onse. Ubwino wake ndi wakuti womenya amasuntha ali chiimire, kotero zida zake zonse zapansi zimakhala zili m'manja. Angathe kubwerera pang'ono kuti chida cha mdani chiphonye, n'kubweza nthawi yomweyo. Likaphatikizidwa ndi dash dance, komwe ndi kuthamangira uku ndi uku pamalo pamodzi, mdani sadziwa ngati wosewera akubwera kapena akuchoka.

Mu 2008 kudatuluka Super Smash Bros. Brawl. Kuzemba kosankha mbali kudachotsedwa, ndipo wavedash idafera pomwepo. Kuwonjezera apo, opanga adaikamo kupunthwa kongochitika mwangozi: womenya akayamba kuthamanga, nthawi zina ankangogwa popanda cholakwa chilichonse cha wosewera. Cholinga chidali chakuti katswiri ndi wophunzira asatalikirane kwambiri. Brawl idagulidwa kwambiri, koma osewera ampikisano ambiri adakakamira Melee, ena mpaka adasintha Brawl yomweyo n'kupanga Project M kuti kayendedwe kakale kabwerere. Mu 2013 okonda Melee adapambana mpikisano wosonkha ndalama zothandizira kafukufuku wa khansa ya m'mawere, ndipo mphoto yake idali malo a gemu yawo ku EVO, mpikisano waukulu wa magemu a ndewu ku Las Vegas. Kupunthwa kuja sikudabwerenso m'gemu yotsatira ya 2014. Lero Melee yadutsa zaka 20 ikuseweredwabe pa mipikisano ikuluikulu, pamene mipikisano ya Brawl idazilala kalekale. Anthu sakakamira gemu yakale chonchi chifukwa cha zithunzi zake. Amakakamira chifukwa womenya amapita kulikonse kumene maganizo a wosewera amufuna, ndipo osewera awiri ogwiritsa ntchito Fox yemweyo amadziwika ndi mayendedwe awo ngati mmene anthu amadziwikira ndi malembedwe a dzanja.

Otsutsa ali ndi mfundo zitatu, ndipo si zopepuka.

Yoyamba ndi yakuti maluso ambiriwa sadakonzedwe ngati mbali ya masewera, ndi ming'alu imene osewera adaipeza m'khoma. Zimenezo n'zoona pang'ono, koma si mlandu. Kulumikiza zida motsatizana mdani asadapume, komwe lero ndi maziko a gemu iliyonse ya ndewu, kudayambanso chimodzimodzi mu Street Fighter II ya 1991: kudabadwa mwangozi kuchokera m'njira imene gemu inkawerengera mabatani, opanga adakusiya, ndipo m'magemu otsatira adakukhazikitsa ngati lamulo. Funso loyenera si lakuti luso lidachokera kuti. Funso ndi lakuti, kodi likuchulukitsa zosankha za osewera onse awiri kapena likuzichepetsa? Mng'alu umene umalola munthu kumenya mnzake mpaka kufa popanda pothawira uyenera kumatidwa. Umene umapatsa womenyedwa njira yopulumukira, komanso womenya njira yomutsatira, ndi chuma chimene wopanga watola pansi.

Mfundo yachiwiri ndi yolemera kwambiri: malusowa amapweteka manja ndipo amatsekereza anthu kunja. Osewera ena odziwika a Melee avutika ndi ululu wa zala ndi mikono chifukwa chodina mabatani mwachangu kwa maola ambiri, zaka zambiri. Munthu amene amagwira ntchito tsiku lonse, kapena amene amalipira kuti asewere kwa ola limodzi pa makina a eni ake, alibe miyezi yoti aziyeserera kubwerera m'mbuyo kokha. Apa otsutsa akunena zoona, ndipo akatswiri amene amanyadira kuvuta kwa mabatani ngati chiphaso cholowera m'gulu lawo akusokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Chokoma mu Korean backdash si kupindika kwa chala. Chokoma ndi kudziwa nthawi yobwerera, kutalika kwake, ndi nthawi yoima n'kubweza. Wosewera bawo salemekezedwa chifukwa cha liwiro lotolera nkhomo, koma chifukwa chowerengeratu kumene dzanja likagonere.

Ngati vuto lili pa zala, mankhwala ake akhale a zala. Zitsanzo zilipo. Rivals of Aether, gemu yomangidwa pa maganizo a Melee, idaika wavedash mwadala ndipo idaifewetsa kuti wophunzira aigwire msanga, koma kuya kwa masewera sikudachepe. Street Fighter 6 ya 2023 idabweretsa madinidwe otchedwa Modern, amene amatulutsa zida zapadera ndi mabatani osavuta, mtengo wake n'kukhala kuchepa kwa mphamvu ya zidazo. Makontirola opanda ndodo, okhala ndi mabatani okhaokha, apeputsanso ntchito ya dzanja kwa ambiri. Njira zonsezi zimatsitsa chipata popanda kugwetsa nyumba. Brawl idachita zosiyana: idaona kuti chipata n'chachitali, n'kugwetsa chipinda chimene anthu ankafuna kulowamo.

Mfundo yachitatu imachokera kwa ogulitsa: kayendedwe kamphamvu kamabala masewera othawana, ndipo oonera amatopa. Bandai Namco idaulula poyera kuti Tekken 8, imene idatuluka mu Januwale 2024, idamangidwa pa kuukira. Idabweretsa dongosolo la Heat, lomwe limapatsa woukira mphamvu zowonjezera ndi kuchepetsa moyo wa mdani ngakhale atatchinga. Zosintha za nyengo yachiwiri zitafika mu 2025, n'kuwonjezeranso zida za woukira, osewera padziko lonse adadandaula kwambiri, mpaka opanga adavomereza kuti adaphonya ndipo adatulutsa zokonza mwamsanga. Madandaulowo sadali a anthu okana chatsopano. Woukira akakhala pamphuno pa mnzake nthawi zonse, ndipo wodziteteza alibe danga lobwerera kapena kupatuka, chotsala ndi kulosera basi: pansi kapena pakati? Kulosera kotero kumasangalatsa sabata yoyamba, pambuyo pake kumafanana ndi kuponya ndalama m'mwamba. Ndipo amene amavutika kwambiri ndi wophunzira yemwe ankati akumuteteza uja, chifukwa wagonja koma palibe chimene angaloze n'kunena kuti apa ndikakonze.

Umboni wakuti kayendedwe ndi chuma cha wosauka udachokera ku Pakistan. Kwa zaka zambiri Tekken idali m'manja mwa South Korea ndi Japan, ndipo dziko silinkadziwa kuti m'nyumba zosewerera magemu za ku Lahore mukukula akatswiri. Mu 2019 Arslan Ash adapambana EVO Japan ku Fukuoka, atavutika kwambiri ndi ziphaso za ulendo, kenaka n'kupambananso EVO ku Las Vegas pogonjetsa Knee, katswiri wa ku South Korea amene ambiri ankamutenga ngati wopambana onse. Oonera adazizwa ndi kudekha kwake, kuima kwake pa mtunda woyenera, ndi kulanga kwake chida chilichonse chophonya. Akuluakulu adati mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Knee adamva mwambiwo m'njira yake: adanyamuka kupita ku Pakistan kukasewera ndi anyamata akumeneko.

Phunziro la Lahore likukhudza aliyense amene amasewera kutali ndi mipikisano ikuluikulu, kaya ali ku Blantyre, Chipata, Tete kapena Harare. Omenya atsopano amagulidwa ndi ndalama, ndipo kusewera pa intaneti kumadya data komanso kumasokonekera netiweki ikachedwa, pakuti luso lowerengera mafulemu silipirira kuchedwa. Koma kubwerera m'mbuyo, kupatukira kumbali ndi kuyeza mtunda zimaphunziridwa m'chipinda choyeserera cha gemu, popanda intaneti, ndipo zimanoledwa ndi mnzako m'modzi wokhala naye pampando. Luso limeneli silitha gemu yatsopano ikatuluka, chifukwa limasamuka ndi mwini wake kuchoka kwa womenya uyu kupita kwa uyo. Mphindi khumi tsiku lililonse zimaoneka zochepa, koma tsokonombwe adatha mtunda n'kudumpha. Wopanga gemu akafooketsa kayendedwe n'kuika mphamvu zonse mu zida za womenya watsopano wogulitsidwa padera, amalanda wosewera wakutali chinthu chokhacho chimene akadapikisana nacho mofanana ndi wa ku Seoul.

Osewera akale nawonso ali ndi ngongole. Wophunzira akafunsa chifukwa chimene akugonjera, nthawi zambiri amapatsidwa mndandanda wa zida zolumikiza kuti aloweze, chifukwa zimenezo n'zimene zimaoneka bwino pakanema. Amatha milungu akuloweza, n'kupita kukasewera, osapeza ngakhale mpata umodzi woyambira zimene waloweza, popeza sadziwa kupanga mpatawo. Akadayamba ndi mapazi, akadaona kuti mdani wopupuluma amadzipereka yekha. Mphunzitsi wa nkhonya sayamba ndi kuphunzitsa nkhonya yogwetsa munthu, amayamba ndi kaimidwe, ndipo amene akuphunzitsa achinyamata Tekken kapena Smash atengere pomwepo.

Makampani ali ndi ufulu wofuna ogula ambiri, ndipo palibe cholakwa kufewetsa mabatani, kuika maphunziro omveka m'gemu, kapena kulemba poyera maluso amene kale ankangonong'onezana. Chimene sayenera kuchita ndi kuchotsa danga la pakati pa omenyana awiri, pakuti m'danga limenelo ndi mmene wosewera amaganizira, amanyengera ndi kupirira. Brawl idayesa kulitseka, osewera n'kubwerera ku gemu ya 2001. Tekken 8 idalichepetsa, osewera n'kukakamiza opanga kubwerera ku tebulo. Kawiri konse anthu olipira ndalama zawo adanena chinthu chimodzi: awasiyire mapazi awo.